Chitsulo Chosiyira Makaniko

Amuna anga anasema zitsulo moyo wawo wonse, ndipo ine ndakalamba ndikuzula tizinyenyeswa ta zitsulo m'masokosi awo. Ku Limbe ankagwira ntchito m'shopu ina yaikulu yokonza ziwiya za malole ndi zigayo. Chitsulo chikathyoka, chatsopano chili chosapezeka m'dziko lonse, anthu ankabwera ndi chothyokacho kwa iwo, iwo n'kusema china. Ankamanga chitsulo pa makina ozunguza aja, icho chikuzungulira, mpeni ukudya pang'onopang'ono, mpaka chofanana ndi chakale chija chituluke. Anali mmisiri, zimenezo sindingawalande. Koma analinso munthu wosauzika. Kunyumba kwathu mawu akuti mwalakwitsa sankamveka, ngakhale bambowo atathira mchere mu tiyi.

Amene anatiitanira ku Glasgow ndi muphwa wawo, mwana wa achemwali awo. Tinamulera ife mayi ake atamwalira, ndipo umisiri anauyamba m'manja mwa amalume akewo. Kenako anapeza mwayi wa sukulu kuno, anamaliza, n'kulowa ntchito m'kashopu kena kosema zitsulo kufupi ndi Easterhouse. Pamene ankatiitana n'kuti ali kapitawo wa shopuyo, bambo wa ndevu zake, wa mkazi ndi ana ku Pollokshields. Mwini shopu ankafuna munthu wodziwa makina akale a pamanja, popeza achinyamata a kuno amadziwa a kompyuta okha, ndiye muphwayo anati ali ndi amalume ake kumudzi.

Mapepala athu tonse awiri anamangidwa pa ntchito imeneyo. Viza ya bambo inati iwo ndi mmisiri wa m'shopu imeneyo, yanga inangopachikika pa yawo. Tinauzidwa mosabisa kuti ntchito ikatha, mapepalanso atha, tikwere ndege. Kwathu n'kuti titatsanzika kale, mbuzi itaphedwa, nyumba titasiyira ana, mpingo utatiimbira nyimbo mpaka amayi ena kulira. Munthu amene watsanzikidwa motero amachita manyazi kubwerera.

Ine ndinkaganiza kuti akubwera kudzasema ziwiya za sitima kapena za ndege. Ayi ndithu. Shopuyo inkapanga ziwiya za majetisiki, tinjinga tamoto ta pamadzi tija timene azibambo a mimba zawo amakwera atavala zakuda zothina, n'kumazungulirazungulira pa nyanja ya Loch Lomond, osanyamula katundu, osagwira nsomba, osapita kulikonse. Tinjingato timagulidwa tili tothamanga kale, koma eni ake sakhutira. Amafuna kuti kawo kasiye ka mnzawo m'mbuyo. Ndiye amabwera ku shopu kuti awasemere hedi yatsopano, chivundikiro cha pamwamba pa injini chija. Amaisema kuchokera ku chibuma cha aluminiyamu, ndipo mkati mwake amaimbamo kambale momwe pisitoni, chitsulo chokwera ndi kutsika m'injini chija, imafika ikamakwera. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi kambaleko ukachepa, injini imalusa. Ukachepetsetsa, ziwirizo zimagundana. Mpata wonsewo sukwana ndi kunenepa kwa chikhadabo.

Zimenezi ndikuzidziwa chifukwa nanenso ndinkagwira ntchito momwemo. Muphwayo anandipezera malo osesa ndi kukolopa, kuyambira m'mawa mpaka nkhomaliro. Ndinkakolopa ofesi ndi khitchini, kenako n'kulowa kumakina ndi tsache ndi fosholo, kukawola zinyenyeswa zopotanapotana zimene zimadula chala ukazigwira mosasamala. Tinkakwera basi imodzi, ine ndi bambo, kuchokera pa fulati yathu ku Easterhouse. Iwo ankavala tayi mkati mwa ovolosi.

Kwathu bambo anali ndi lamulo lawo limene ankaphunzitsa aliyense wodutsa m'manja mwawo. Ankati chitsulo ukadula sungachibwezere, choncho mmisiri wanzeru safika pamzere penipeni, amasiyako kachikhungu kochepa. Makaniko wokamanga injini akayesa, akaona kuti chikuthina, amatenga tupa n'kupala yekha mpaka chikhale. Ku Limbe zinali zoona. Injini za kwathu zinali zakutha, iliyonse ndi matenda ake, pulani ya pa pepala inali yongokumbutsa chabe, ndipo makaniko aliyense ankayenda ndi tupa m'thumba. Amene wadula mopyola ndiye ankatukwanidwa, chifukwa chitsulo china chosemera sichinkapezeka msanga.

Lamulo limenelo anabwera nalo m'ndege. Madzulo ena akudya anandiuza monyadira kuti ana ojambula mapulani pa kompyuta aja alibe chifundo ndi chitsulo, amalemba nambala ngati chitsulo chimamera m'munda, koma iwo m'kambale kalikonse akusiyamo kachikhungu kosiyira makaniko. Ine ndinafunsa ngati makaniko wa kuno ali nayo tupa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundiuza kuti za mopu sanandifunsepo, ndiye za zitsulo ndiwasiyire. Ndinanyamuka n'kuchotsa mbale. Safunsa anadya phula, koma ndinangonenera mumtima, ku sinki.

Kagwiridwe ka ntchito m'shopumo kanali kotere. Mmisiri akamaliza chiwiya, amachipititsa pa tebulo la kapitawo. Kapitawo amachiyeza ndi zoyezera zake, akakhutira amachiika m'bokosi. Chikalakwika amachibweza kwa mwini wake pamaso pa onse, ndipo anyamata a Chiskotishi aja ankabwezeredwa kawirikawiri, n'kumatukwanizana mosekerera. Za amuna anga sizinabwezedwepo. Muphwayo ankaimirira akamawaona akubwera, ankayeza, ankayang'anitsitsa choyezeracho, kenako n'kunena motsitsa mawu, "Zili bwino, amalume." Tsiku ndi tsiku mawu ake anali omwewo.

Nthawi ya nkhomaliro ine ndi bambo tinkadyera m'galimoto ya muphwayo pabwalo, poti iwo sankafuna kudya pakati pa ana otukwana. Ankatipatsa makiyi yekha, ankatiuzanso kuti tiyatse chotenthetsa. Tili m'galimotomo tinkamva makina amodzi akulirabe m'shopu. Bambo ankagwedeza mutu mokondwa, ankati mwanayu khama analitengera kwa iwo, ngakhale kudya amaiwala. Nanenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Anyamata a m'shopu anawapatsa dzina lakuti Pulofesa. Ankabwera ndi makapu a tiyi n'kuwazungulira, kuwapempha kuti awafotokozerenso za kusiyira makaniko. Bambo ankazimitsa makina, kupukuta manja, n'kuyamba kuphunzitsa m'Chingerezi chawo cha ku mishoni, chala chili m'mwamba. Anyamatawo ankavomera mwaulemu kwambiri, wina akutsinzinira mnzake diso. Kutsinzinako ndinkakuona ndili ndi tsache langa, koma ndinkati ndi chibwana cha ana a kuno, amene amaitana ndi agogo awo omwe ndi dzina.

Ku tchalitchi, kufupi ndi Hillhead, ndiye kunali ufumu wawo. Amalawi a kumeneko ambiri ndi a madigiri, ena akuphunzirabe, ndipo pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero anayamba kuwatchula ainjiniya. Iwo sanakane. Ankatulutsa foni n'kuonetsa aliyense kanema wa jetisiki ikung'amba madzi, akuti imeneyo mutu wake ndinasema ndine. Tsiku lina anapatsidwa mpata wolankhula kwa achinyamata, ndipo anaimiritsa muphwayo pamaso pa mpingo ngati chitsanzo cha mwana womvera. Anati taonani, uyu ndi kapitawo, azungu amamuopa, koma kwa amalume ake sanatsegulepo pakamwa kutsutsa. Anthu anawomba m'manja. Muphwayo anaima ataweramitsa mutu, manja kumbuyo.

Chilimwe chitayamba, mkazi wa muphwayo, amene anali woyembekezera, anachira ku chipatala, koma movutikira, anachita kumung'amba. Mwamuna wake anapempha masiku kuti akakhale naye. Sabata yomweyo kunabwera kasitomala wa changu, bambo wina wofolera nyumba, chimunthu chachikulu chofiira m'khosi, amene ankafuna hedi yake Loweruka lisanafike poti kunali mpikisano kunyanja. Mwini shopu anali mkulu wofatsa, wa imvi, wosalankhulalankhula. Anauza amuna anga kuti popeza chiwiya chawo sichinabwererepo chibwerere, aseme, ayeze okha, n'kuika m'bokosi. Tsiku limenelo bambo anagula nsomba ndi tchipisi pobwerera kunyumba. Anati mzungu waona tsopano kuti nyani wamkulu salondoleredwa munda.

Lolemba m'mawa ndinali kukolopa mu ofesi, imene ili ndi zenera lalikulu loyang'ana kumakina. Ndinaona galimoto ikulowa pabwalo itakoka jetisiki. Wofolera nyumba uja anatsika pampando wa wokwera, mkono uli m'chinsalu chopachika m'khosi, akuyenda mopindika ngati wasenza thumba losaoneka. Mkazi wake ndiye ankayendetsa. Bamboyo ku dzanja linalo ananyamula ndowa. Analowa osapereka moni, n'kukhuthula ndowayo pa tebulo la kapitawo. Munatuluka hedi ija, mkati mwake mutakumbikakumbika ngati mwajompha nkhuku, ndi zidutswa za pisitoni zakuda. Anati ali pa liwiro lonse pakati pa nyanja injini inagwira mwadzidzidzi, iye anauluka kudutsa pa mahandulo, nthiti zinathyoka ndi phewa lomwe, ndipo pakanapanda anzake a boti bwenzi ana ake akulira maliro.

Mwini shopu sanakweze mawu. Analamula kuti makina onse azimitsidwe, aliyense abwere. Ine ndinaima pakhomo la ofesi ndi mopu wanga. Anatenga choyezera n'kupatsa amuna anga, anawauza kuti ayeze kambaleko pamene sipanaphwanyike, awerenge nambala mokweza. Anawerenga. Kenako anawapatsa pulani kuti awerengenso nambala yolembedwapo. Anawerenganso, mawu osanjenjemera n'komwe. Manambalawo anasiyana. Ndipo amuna anga, Mulungu awakhululukire, anaimika chala chija n'kuyamba kufotokoza kuti kusiyanako n'kwadala, ndi kosiyira makaniko, makaniko ndiye walakwa posapala.

Wofolera nyumbayo anawayang'ana ngati akuona chinthu cha m'tchire. Anati makaniko wake uti, hedi anaimanga yekha m'galaja mwake, kuchotsa m'bokosi n'kumanga mabawuti, monga amachitira aliyense wogula m'shopu imeneyi. Anawonjezera mawu ena onena za kumene tinachokera, amene sindiwalemba pano. Palibe anamuletsa. Mnyamata mmodzi anapotoloka n'kubisa nkhope m'chigongono, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Mwini shopu anafunsa kuti ndi mahedi angati amene anasema motero. Bambo anati onse, kuyambira tsiku loyamba. Ndinaona nkhope ya mkuluyo ikuyera ngati ufa. Ankaganiza za anthu onse amene anagula, amene mwina ola lomwelo anali pamadzi. Anaimbira muphwayo foni kuti asiye chilichonse abwere. Tinadikira chiimirire, palibe wobwerera ku makina. Anafika ali ndi juzi ya kunyumba, paphewa pali mkaka umene khanda linabwezera.

Mwini shopu anamufunsa kuti zatheka bwanji kuti iye, woyeza, alole mahedi onsewo kutuluka. Muphwayo anayang'ana zidutswa zija, sanayang'ane amalume ake. Anayankha m'Chingerezi choyera bwino, choti aliyense amve. Anati palibe hedi ina imene inatuluka yolakwika. Iliyonse imene amalume ake ankabweretsa, iye ankaibwezera pa makina nthawi ya nkhomaliro n'kuimaliza yekha. Anati anyamatawa ndi mboni. Anyamatawo anavomera ndi mitu, ena akumwetulira pansi. Onse ankadziwa, kupatula mwini shopu ndi ife awiri amene tinkatsekeredwa m'galimoto ndi chotenthetsa.

Atafunsidwa chifukwa chake sanangowauza kuti asiye, anatambasula manja n'kunena kuti awa ndi amalume ake, ndipo kwathu mwana sakonza wamkulu. Ananena ngati munthu amene akupepesera mtundu wake wonse kwa alendo. Wina anaseka mokweza.

Amuna anga anatembenukira kwa iye n'kulankhula m'Chichewa, mawu atauma. "Iwe, zoona zimenezi? Palibe ndi imodzi yomwe imene inatuluka momwe ndinaisemera?"

"Palibe, amalume," anatero. "Munandiphunzitsa ndinu." Ndipo anagwira khutu lake lamanzere.

Khutu limenelo ndimalidziwa, ndinalimanga ndine. Kalekale ku Limbe, iye akuphunzira ntchito, anauza amalume ake pamaso pa kasitomala kuti awerenga molakwika choyezera. Anali atanena zoona. Bambo anatenga rula yachitsulo n'kumumenya nayo m'mbali mwa mutu, khutu linang'ambika pamwamba, ndipo kunyumba anamugoneka ndi njala kuti adziwe malo ake. Mpaka lero pali kachipsera koyera. Ine ndinkayesa kuti anaiwala, monga ife tinaiwalira.

Ndinamuda mwanayo pamenepo, ndipo sindinasiye kumuda. Akanafuna akanandiuza ine kukhitchini, ine n'kupeza njira yanga ya chikazi. Akanatumiza mkazi wake, akanauza mbusa, akanauza mwini shopu kuti alankhule nawo ngati bwana. Munthu woopa kulankhula ali ndi njira zambiri, kwathu timatuma ndi mwana yemwe. Iye anasankha kudzuka tsiku ndi tsiku, kuimirira mwaulemu n'kunena kuti zili bwino, anzake akuonerera ngati sewero. Ndipo popita kuchipatala ankadziwa bwino lomwe zimene amasiya m'mbuyo, koma sanauze munthu. Amuna anganso ndinawakwiyira, mkwiyo wa zaka zambiri, chifukwa dzenje limeneli anayamba kulikumba ndi iwo ndi rula yawo ija. Ndinaima pakati pa anthu awiriwo ndi mopu, wopanda woti ndimumvere chisoni.

Mwini shopu anauza bambo kuti avule ovolosi apite kunyumba, adzaitanidwa iye akaganiza. Ine ndinayenera kutsala kuti ndimalize ntchito. Zidutswa zija ndinawola ndine. Chachikulu, mutu wa pisitoni woboola, anyamata anandilanda n'kuchimanga ndi waya pamwamba pa ketulo m'khitchini, pansi pake n'kulembapo ndi choko dzina lija la Pulofesa. M'mawa uliwonse ndinkapukuta tebulo pansi pake.

Sabata imeneyo bambo ankakhala pampando wa pazenera kuyang'ana mabasi. Kudya ankangolawa. Foni ija ya makanema anaiika m'dirowa. Ndinkadikira kuti mwina anena kuti mayi, munanena za tupa, koma sananene, ndipo ine sindinawakumbutse ngakhale lilime linkandiyabwa. Nkhawa yanga inali mapepala. Ndinkadziona ndikutsika ndege ndi zikwama zomwe tinapita nazo, ana akusamuka m'chipinda chathu monyinyirika, amayi a mvano akubwera kudzazonda ngati kwagwa maliro kuti akapeze zokamba.

Lamlungu ndinawakakamiza kupita ku tchalitchi, ndinkati tikajomba anthu adziwa. Kupusa kwanga. Anthu anali atadziwa kale, chifukwa onse opita kukaona khanda ku Pollokshields ankabwerako ndi nkhani. Pa tiyi moni anachuluka kuposa masiku onse. Ainjiniya, mwadzuka bwanji, ainjiniya, ntchito ikuyenda bwanji. Bambo wina wa madigiri awiri, amene amuna anga anamudzudzulapo pa nkhani ya kavalidwe ka ana ake, anawagwira mkono n'kuwapititsa pa chiketulo chachikulu cha mpingo chimene chinkadontha. Anafunsa mokweza ngati ainjiniya angachikonze, kapena achisiyira makaniko. Amayi anaseka atagwira pakamwa. Amuna anga anaika kapu pansi bwinobwino, anavala chipewa, n'kutuluka. Ndinawapeza pa siteshoni ya sitima ya pansi, ataima pafupi ndi khoma.

Pomwepo ndinawauza kuti tikupita ku Pollokshields. Anati iwo sangakapemphe kwa mwana amene anamupukuta mamina. Ndinawayankha kuti walira mvula walira matope, ku Ulaya ankakufuna ndi iwo, ndipo mwini shopu sangamvere wina koma kapitawo wake. Ndinati ngati akufuna kubwerera abwerere okha, ine sindikaseketsa anthu a ku Limbe pa ukalamba uno. Ndinalankhula zambiri, zina zopweteka dala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja mwathu sanandidule mawu.

Tinafika ngati odzaona khanda. Ana aakulu aja anatitsegulira, bambo anawapatsa moni wa Chichewa, iwo anayankha m'Chingerezi chawo cha m'mphuno n'kuthamangira ku masewera awo. Mayi wa khanda anali pa sofa. Muphwayo anatilandira bwino, amalume khalani apa, anti mumwa chiyani. Khanda tinalinyamula, tinaliyamikira. Kenako amuna anga anavula chipewa, anatsetsereka pampando mpaka mawondo anagunda kapeti, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Mawondo awo ndi oipa, ndinamva akulira.

"Bambo," anatero, "tilankhulireni kwa abwana. Tilibe kolowera."

Amuna anga ankamutchula bambo mwana amene anamulera, ankamupatsa ulemu wa anthu ambiri. Mwana wa munthu akanalumpha n'kuwadzutsa asanamalize ndi mawu oyamba omwe. Iye anakhala pamene anakhalapo, mwendo pamwamba pa unzake, anawasiya anene zonse mpaka mawu anawathera, mkazi wake akuyang'ana khanda ngati sakumva. Atatha m'pamene anati, "Aa, ankolo, musatero, dzukani. Nditraya, koma sindikulonjeza." Powadzutsa ndinawadzutsa ndine.

Yankho linabwera patapita masiku, analibweretsa yekha pa fulati yathu, nkhope ili yowala ngati wabweretsa mphatso. Anati walimbana kwambiri, ndipo abwana avomera kuti amalume asachotsedwe, mapepala akhale momwe alili. Kungoti pa makina sadzagwiranso. Azisesa, kutaya zinyenyeswa, kutsuka ziwiya, kunyamula mabokosi. Ndipo popeza shopu yaing'ono singasunge osesa awiri, anti apume kaye, ntchito za m'nyumba za okalamba n'zambiri, apeza ina. Anati maganizo amenewa anapereka ndi iye, abwana ankangofuna kuwathamangitsa. Tinamuthokoza. Ndinamuthira tiyi ndi dzanja langali.

Tikadali kuno mpaka lero. Ine ndimasambitsa nkhalamba za eni, bambo akadali m'shopu momwemo, ndipo ku tchalitchi amakhala benchi ya kumbuyo. Koma tsiku limene sindiliiwala ndi loyamba la ntchito yawo yosesa. Ndinauzidwa kuti ndipite nawo kuti ndikawaonetse ntchito, popeza munthu amene wakhala moyo wonse akusiyira ena zosesa sadziwa ndi kumene kumakhala fosholo. Tinakwera basi yathu ija. Tayi sanavale.

Ndinawaonetsa kachipinda ka zotsukira, matumba, magolovesi okhuthala ogwirira zinyenyeswa, ndi mgolo wa panja wotayamo aluminiyamu payekha. Ankangoti eya, eya. Titalowa kumakina anyamata onse anapeza chifukwa choimira. Tsache linali m'manja mwanga, ndipo ndinkafuna kungolitsamiritsa pakhoma kuti alitole okha anthu akatembenuka. Muphwayo anatuluka kuseri kwa tebulo lake, anabwera n'kulitenga kwa ine. Analigwira ndi manja awiri, anapinda mawondo pang'ono monga mwana woleredwa bwino, n'kulipereka kwa amalume ake.

Amuna anga analilandira n'kunena zikomo. Anaima nalo pakati pa shopu, akuyang'ana uku ndi uku, kenako anandiyandikira n'kufunsa monong'ona, "Mayi, ndiyambire pati?"

Ndinawauza kuti ayambire pansi pa makina awo aja, chifukwa ndi pamene pankandivuta kusesa masiku onse.